Ndani ali ndi mawu omaliza patebulo, GM (woyendetsa gemu) kapena osewera?

Dalitso: Abale, ndili ndi funso, ndipo ndaliponya pano chifukwa pagulu pano pali anthu oyendetsa magemu osiyanasiyana. Patebulo pathu ku Kabwata timasewera Dungeons & Dragons (D&D) ya 2014 ija, gemu yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, ine ndikuyendetsa. Loweruka lapitali anthu a m'gemu anafika pamtsinje waukulu usiku, adani ali m'mbuyo mwawo, bwato palibe. Misozi anangoti, "Munthu wanga anakulira kuno. Amalume ake ndi owolotsa anthu, bwato lawo amalibisa m'bango kumunsi kwa mkuyu." Ine ndinakana. M'mapepala anga mulibe malume, mulibe bwato. Ndinakonza zoti akawolokere pamlatho wakumtunda pomwe pali asilikali. Tinakangana mpaka gemu inazizira. Kodi wosewera ali ndi ufulu woika zinthu m'dziko lomwe GM wapanga? Ngati ali nawo, ukuthera pati?

Misozi: Poti dzina langa latchulidwa, ndidziyankhire ndekha. Pa pepala la munthu wanga, pamalo olemba mbiri yake, ndinalemba kuti anabadwira m'mudzi wa asodzi. Inu a Dalitso munawerenga, munati zili bwino. Ndiye mwana wa kwa asodzi angasowe wachibale ndi mmodzi yemwe wokhala ndi bwato? Sindinapemphe lupanga lamatsenga ine. Ndinangofuna kuti mbiri ija igwireko ntchito. Chinandiwawa kwambiri n'kuzindikira kuti njira inali imodzi yokha, ya pamlatho, ndipo ntchito yathu inali kungoipeza.

A Tembo: Ana anga, ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene anayamba kusewera zimenezi m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya AD&D yachiwiri ija, D&D yakale yomwe inatuluka mu 1989. Gary Gygax ndi Dave Arneson potulutsa gemu imeneyi mu 1974 anachokera ku masewera a nkhondo a patebulo, aja oyendetsa tiasilikali pamapu. Kumeneko kunkakhala woweruza wosaima mbali iliyonse, ndipo udindo wa GM unabadwira pomwepo. Iye amasunga dziko, osewera amasunga anthu awo. Ine ndikadali pomwepo. Mtsinje uja umaopsa chifukwa wosewera sangausinthe ndi pakamwa. Tsiku lomwe mudzalole kuti aliyense akapanikizika azingotchula malume, mantha adzatha patebulo, ndipo kupulumuka kopanda mantha sikukoma.

Koma a Dalitso, inunso sindikusiyani. Mlatho umodzi basi? GM amakonza mtsinje, adani, nyengo, ndi anthu okhala m'mbali mwake. Kawolokedwe ndi ka osewera. Ndikanakhala ine ndikanati, "Mudzi wa asodzi ulipodi, poti unalembedwa kale. Ndiponya dayisi ya mbali 6 aliyense akuona. Ikagwa 1 kapena 2, bwato lilipo usiku uno." Ikanagamula dayisi, osati ine, osatinso Misozi.

Chisomo: Ba Tembo, pepani ndikutsutseni pang'ono. Magemu sanaime mu 1989. Mu 2010 Vincent Baker anatulutsa Apocalypse World, ndipo m'menemo malamulo enieniwo amamuuza GM kuti azifunsa osewera mafunso n'kumanga pa zomwe ayankha. Dungeon World ya 2012 inatenga njira yomweyo n'kuiika m'dziko la malupanga ndi matsenga. Umaponya madayisi awiri a mbali 6 n'kuwonjezera nambala ya munthu wako. Ukapeza 10 kupita m'mwamba, zatheka. Ukapeza 7 mpaka 9, zatheka koma pali cholipira. Ukapeza 6 kutsika, GM achita chomwe waganiza ndipo sichikhala chokoma.

Ya pamtsinje ine ndikanaigwira chonchi. Misozi akuti amalume alipo. Ine ndikuti, "Alipodi. Nanga bwanji chichokere sunapondepo pakhomo pawo? Unawalakwira chiyani?" Ayankhe yekha. Mwina anawabera ukonde n'kukagulitsa kuti apeze yothawira kutauni. Basi bwato lapezeka, koma manje pafunika kukagogoda kwa munthu wokwiya pakati pa usiku, adani akuyandikira. Mantha aja mukuti atha, apa achuluka kuposa a pamlatho.

Misozi: Zimenezo ndikanazilandira ndi manja awiri. Ndipo yankho ndinali nalo kale m'mutu, si ukonde, ndi loipa kuposa pamenepo.

A Tembo: Chisomo, za malume oyamba wayankha bwino. Nanga achiwiri? Sabata yamawa pachipata cha ndende padzapezeka msuweni mlonda, sabata inayo sing'anga adzakhala azakhali. Ndiponso odziwa kuyankhula ndi amene adzadzaze dziko lonse ndi abale awo, ofatsa akungoyang'ana.

Thoko: Nkhawa ya a Tembo ndi yoona, ndipo opanga magemu anaiona kalekale. Anaiyankha poika mtengo. Kwathu ku Kalingalinga timasewera Blades in the Dark ya John Harper, ya 2017. Osewera ndi kagulu ka mbava mumzinda wa Doskvol. Sakhala pansi kukonza pulani madzulo onse. Amangolowa pantchito, ndipo akakumana ndi chopinga wosewera angathe kunena kuti, "Izi ndinazikonzeratu dzulo." Timabwerera m'mbuyo n'kuona zomwe anachita dzulolo. Koma wotchula mtengo ndi GM, ndipo malipiro ake ndi stress, kupanikizika kwa mtima kwa munthu wako. Chinthu chapafupi n'chaulere, chovutirapo ndi 1, chovuta kukhulupirira ndi 2 kapena kuposa. Mabokosi a stress pa pepala alipo 9 okha. Akadzaza, munthu wako amagwa m'chochitikacho n'kutsala ndi bala la mumtima losachoka, ndipo mabala amenewo akakwana 4 ndiye kuti umbava wake wathera pomwepo.

Mwezi wathawu mtsikana wina patebulo pathu anafika pageti pali agalu awiri. Anati anamupatsa kale ndalama mnyamata wodyetsa agalu kuti awatsekere. Ndinati stress 1, komanso uponye tione ngati mnyamatayo anakhulupirika. Ndinamuona akuyang'ana pepala lake, pensulo ili pakamwa, mabokosi 7 atadetsedwa kale. Anawerenganso ndi chala, kenaka anaika pensulo pansi n'kuti, "Ayi, ndikwera mpanda." Palibe anamukaniza. Ataona mtengo anadziletsa yekha.

Gemu ya Fate nayonso ili ndi timapointi take. Ukafuna kuikamo kanthu m'nkhani umalipira pointi imodzi, ndipo umaipezanso ukavomera kuti khalidwe la munthu wako limugwetse m'mavuto. GM amakhalabe ndi mphamvu yokana chosayenerana ndi nkhani. Ngakhale mu D&D yanuyo mungayese. Inspiration, mphoto yomwe GM amapatsa wosewera, m'buku imangopereka advantage, kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaikulu, koma palibe chokuletsani kugwirizana kuti amene ali nayo angaigulitse ndi munthu mmodzi kapena malo amodzi ochokera m'mbiri yake yolembedwa kale. Malume achiwiri aja a Tembo akuwaopa sangabwere msanga, chifukwa Inspiration siisungidwa iwiri, uli nayo kapena ulibe.

Dalitso: Asisi Thoko, iyi ya Inspiration yandigwira mtima chifukwa sikufuna kugula buku lina. Koma ndinene chomwe chili pansi pa nkhaniyi. Mlatho uja ndinaujambula kuseri kwa kalendala yakale, msilikali aliyense ndinamuwerengera HP (nambala ya moyo wake), ndinakonza mpaka kayankhulidwe ka mkulu wawo, magetsi atazima ndikulemba ndi tochi ya foni. Zimenezo zikangotayika chifukwa cha chiganizo chimodzi, zimawawa. Inu oyendetsa anzanga mumatani?

Yamikani: Achimwene, apa ndiye pamene kugawana kumapepuza GM yemweyo. Ben Robbins analemba mu 2007 za kaseweredwe komwe anakatcha West Marches. Kumeneko GM sakonza nkhani yoti anthu atsatire, sasankhanso tsiku. Osewera ndi amene amakumana, kugwirizana kuti tikupita kuphanga lakuti tsiku lakuti, ndiye amamuuza GM, iye n'kukonza malo okhawo. Simukuyenera kutengera zonse. Tengani kachidutswa aka: gemu ikamatha, anthu asanathamangire minibasi, afunseni kuti sabata yamawa akulowera kuti. Akasintha maganizo akuuzeni pofika Lachitatu. Akanena okha kuti tikawoloka pamlatho, mwawamanga ndi mawu awo omwe.

Ndipo mlatho wanuwo sunatayike. Asilikali aja akadalipo. Mawa adzamva kuti anthu anawoloka m'bango, adzapita kukagwira amalume a Misozi. Ndiye osewera adzabwera okha pamlathopo kudzawombola nkhalamba, ali ndi chifukwa chawochawo. Chomwe ndikukupemphani musachite ndi kunyamula mlatho n'kumauika kutsogolo kwawo kulikonse komwe alowera. Anthu amazindikira, ndipo akazindikira amasiya kuganiza.

Anabanda: Ine sindisewera kwenikweni, koma tebulo lomwe akukambali ndi la m'nyumba mwanga, ndiye ndimaona zomwe osewera saona. Alamu Dalitso, mundikhululukire, ndinena poyera.

Kwathu ku Katete agogo akamakamba nthano ankati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse." Pakati pa nthano pankakhala nyimbo, iwo akutsogolera ife tikuvomera. Nthano inali yawo, koma tikavomera mwaulesi ankaidula, tikavomera mwamphamvu ankaikoka mpaka nkhuni kutha. Ndiye kumvetsera anthu ako si chinthu chobwera ndi mabuku akunja. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankadziwa mathero, pamene m'gemu mwanumu ndimaona kuti zimakoma pokhapokha alamu nawonso asakudziwa komwe zithere.

Koma nkhani yanga yeniyeni ndi ina. Nonse mukukamba ngati patebulo pali anthu ofanana. Sali ofanana. Mabvuto ndi mng'ono wake wa Dalitso. Mtsikana wa ku Libala uja ndi wamng'ono kwa onse. Alamu akafunsa kuti "Nonse mwagwirizana nazo?" awiriwa amagwedeza mutu asanamve n'komwe funso. Tinaleredwa kuti wamkulu akanena sutsutsa pagulu, ndipo ulemu umenewo sutsala pakhomo ndi nsapato. Misozi amatha kukangana chifukwa ndi msinkhu umodzi ndi alamu. Mukangoti aliyense ali ndi ufulu woyankhula, ufuluwo udyedwa ndi anthu awiri omwewo, monga anenera a Tembo. Ine kusukulu ndikafuna maganizo enieni a ana ndimayambira kwa wamng'ono, wamkulu amayankhula pomaliza. Yesani choncho. GM anene maganizo ake onse atatha.

Mabvuto: Alamu anena zoona. Akulu akakhala kuseri kwa katoni kaja kobisa mapepala a GM amakhalabe akulu anga, sindingawauze kuti mwalakwitsa anthu akumva. Komanso chizungu. Buku ndi la chizungu, akulu akamafotokoza amafotokoza m'chizungu, ine pofuna kuyankha ndimayamba ndakonza chiganizo m'mutu, pomaliza mwayi wadutsa.

Koma ndinenenso china chomwe palibe wachinena. Si tonse tikuifuna mphamvu imeneyi. Tsiku lija Chisomo anayendetsa Dungeon World, munthu wanga anavutika kufika pabokosi lachitsulo pansi pa nyumba ya mfumu. Ndinatsegula mtima ukugunda. Ndiye Chisomo anandifunsa kuti, "Mabvuto, wapezamo chiyani?" Abale, ndinafooka. Ndinazindikira kuti m'bokosimo munalibe kanthu chiyambire. Sabata yonse kuntchito ndimakhala ndikuganizira anthu zochita. Loweruka ndimakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Matero kuti wina andidabwitse.

Anabanda: Za chilankhulozo ndichitire umboni. Tsiku lina alamu anayankhulitsa mayi wogulitsa nsomba m'Chinyanja chenicheni cha pamsika. Mabvuto yemwe amakhala duu uja ananenerera mtengo mpaka tiyi anazizira, anatulukapo ndi nsomba, dzina la wakuba, ndi malo ogona aulere. Malamulo muziwerenga m'chizungu, koma anthu a m'dzikomo aziyankhula monga timayankhulira.

Chisomo: Mabvuto, ndamva. Koma ndifunse, ndikanakufunsa za amayi a munthu wako, kapena chifukwa chomwe amadana ndi mfumuyo, zikanakuvutanso?

Mabvuto: Ayi, zimenezo ndikanayankha mosangalala. Munthu wanga amazidziwa kale.

Thoko: Pamenepo ndi pomwe ine ndimadula malire. Chomwe munthu wako akuchidziwa kale, kwawo, abale ake, ngongole zake, fungo la msika womwe anakulira, ndimafunsa iwe. Chomwe akuchiona koyamba lero, za m'bokosi, za kuseri kwa chitseko, amene anapha mfumu, ndi udindo wanga kukhala nacho chokonzeka. Amalume a Misozi ali mbali yoyamba. Bokosi la Mabvuto lili mbali yachiwiri.

Yamikani: Palinso mfundo ina yomwe opanga magemu amaitchula ndi dzina la Paul Czege: munthu mmodzi akakhala woika vuto komanso wolithetsa, sizikoma. N'chifukwa chake ngakhale magemu opanda GM sasiya zonse m'manja mwa mmodzi. Mu Fiasco ya Jason Morningstar, ya 2009, nthawi yako ikafika umasankha chimodzi: uyambitse chochitika anzako agamule mathero ake, kapena anzako ayambitse iwe ugamule. Zonse ziwiri sungatenge. Ndiye Misozi atchule amalume, koma ngati amalumewo atsegula chitseko kapena ayi, agamule wina kapena dayisi.

A Tembo: Apa ndiye tayandikana. Malire a Thoko ndingawalandire, bola mbiriyo ikhale yolembedwa gemu isanayambe. Yobadwira pamtsinje pomwepo ndikanabe.

Chisomo: Ine yobadwira pomwepo ndi imene ndimaikonda, ba Tembo, chifukwa munthu umamudziwa ukamusewera. Pa pepala loyamba timangolemba zongoganizira. Apa sitigwirizana.

Kondwani: Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ndili ndi funso loyandikana nalo. Ndikukonza dziko lofanana ndi kwathu kum'mawa, midzi, madambo, mafumu, m'malo mwa nyumba zamiyala za ku Ulaya zija. Ndimaganiza zoika zilombo za Gule Wamkulu ngati adani okhala ndi HP, osewera azimenyana nazo. Poti dziko ndi la GM monga akunenera a Tembo, ndingapitirire?

A Tembo: Ayi mwana wanga, pamenepo mphamvu ya GM siifika. Ndinati GM amasunga dziko la m'gemu, sindinati amasunga mitima ya anthu okhala patebulo. Gule si chilombo cha m'buku. Ndi mwambo wamoyo, anthu amavinira pamaliro ndi pachinamwali, chaka ndi chaka amakaonekera ku Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo UNESCO inaulemekeza mu 2005. Patebulo pako pakhoza kukhala wolowa, amene sangakuuze chifukwa chomwe wakhalira chete. Pakhozanso kukhala wa mpingo amene nkhani yomweyo imamusautsa pa chifukwa china. Zotere mumafunsana musanayambe, ndipo simuwerenga manja. Mmodzi akati ayi, ndi ayi.

Anabanda: Zikomo a Tembo. Dziko la midzi ndi madambo lipange, Kondwani, ndingakonde kulimva. Zilombo upeke zakozako.

Kondwani: Ndamva, ndipeka zanga. Nanga kufunsako mumafunsa bwanji? Ndikafunsa pagulu zikhala zomwe anena Anabanda zija, aliyense angogwedeza mutu.

Misozi: Buku la D&D la 2020, Tasha's Cauldron of Everything, lili ndi gawo la kukumana koyamba kosasewera, kongokambirana zomwe gulu likufuna ndi zomwe silikufuna. Palinso X-card ya John Stavropoulos, kakhadi kolembedwa X pakati patebulo, wina akakagwira chinthucho chimachotsedwa popanda kufunsa chifukwa. Maganizo ake ndi abwino, koma kunoko sindikuona mtsikana wamng'ono akutambasula dzanja kukagwira khadi pamaso pa akuluakulu. Ine ndingakonde timapepala. Aliyense alembe chomwe sakufuna kukumana nacho, osalemba dzina, tipinde, tiponye m'kapu. GM awerenge yekha n'kulemba mndandanda umodzi. Ndimagwira ntchito ndi odwala, ndipo pali zinthu zokhudza ana zomwe sindifuna kuzimva Loweruka. Sindifunanso kufotokozera gulu chifukwa chake.

Dalitso: Za kapu ndavomera. Tsopano ndifunse chomwe ndimaopa kwambiri. Imfa. Ndimaponyera kuseri kwa katoni monga amachitira ambiri. Nthawi zina chilombo chimamenya mwamphamvu moti munthu wa wina angafe pa ndewu yopanda tanthauzo. GM ali ndi ufulu wochepetsa nambala mwakachetechete?

A Tembo: Ine ndimaponya poyera. Ukayamba kupulumutsa anthu mobisa, tsiku lomwe wina adzafe ndiye kuti wamupha ndiwe, chifukwa dzulo unapulumutsa mnzake.

Misozi: Ndikugwirizana ndi a Tembo, ndipo ndikuyankhula ngati mwini munthu amene angafe. Mukandipulumutsa mobisa mwandilanda chisankho ndisakudziwa. Mu D&D muli kale nthawi yokwanira. HP ikafika 0 sufa pomwepo, pokhapokha nkhonyayo itapitirira ndi kuchuluka kwa HP yako yonse. Umaponya d20, dayisi ya mbali 20, nthawi yako iliyonse, 10 kupita m'mwamba wapambana, ukapambana katatu wakhazikika, ukalephera katatu wapita. Ikagwa 1 ndi kulephera kuwiri, ikagwa 20 wadzuka ndi HP imodzi. Pakati pamenepo anzako ali ndi mpata wosiya ndewu n'kukuthamangira. Zimenezo ndi zosankha zathu, musatichotsere. Chomwe ndikupempha n'chimodzi: mundiuze ndisanalumphe. "Misozi, phompho ili ukagwa wafa, ukulumphabe?" Ndikati inde, zotsatira ndi zanga ndipo sindidzadandaula.

Thoko: Mu Blades zimenezo ndi lamulo. Wosewera amasankha luso lomwe aponyere, GM amanena kuopsa kwake ndi kukula kwa chomwe angapindule, onse amamva, kenaka dayisi imagwa. Mikangano yambiri yomwe ndinaionapo m'magemu ena imayamba dayisi itagwa kale, wina akuti sindinadziwe kuti zifika pamenepo. Ndiponso GM ali ndi njira zambiri zosakhala imfa: kugwidwa, kulandidwa katundu, kutaya dzanja, mudzi kupsa. Ngati ndewu ilibe tanthauzo, musaikemo imfa kuyambira pachiyambi, m'malo moibisa pomaliza.

Mabvuto: Nanga tikasiyana pa lamulo? Buku lili ndi akulu okha.

Yamikani: Limenelo ndi vuto lenileni kuno, chifukwa mabuku ndi madayisi timachita kuitanitsa kunja ndipo mwini buku amasanduka mwini chilungamo. Koma malamulo oyambira a D&D ya 2014 Wizards of the Coast, kampani yopanga gemuyi, anawatulutsa aulere chaka chomwecho, ndipo mu 2023 anaika SRD 5.1, chikalata cha malamulo a gemuyi, pansi pa Creative Commons, chilolezo choti aliyense agwiritse ntchito mwaulere. Aliyense angakhale nawo pafoni. Ndikutumizira, Mabvuto, usawononge bandulo pofufuza. Pa mkangano wa pakati pa gemu, kwathu timachita chonchi: wotsutsa anene mfundo yake kamodzi, GM agamule pomwepo, gemu ipitirire. Tikamaliza timatsegula buku tonse, ndipo chomwe tapeza chimalembedwa kumapeto kwa kope kuti chigwire aliyense, GM yemwe. Apa ndimamupatsa GM mawu omaliza ndi mtima wonse, chifukwa madzulo a Loweruka ndi afupi.

Chisomo: Ndili ndi pempho. Poti Kondwani akupanga dziko latsopano, bwanji tilipange limodzi usiku umodzi? Pali gemu ya Avery Alder ya 2013, The Quiet Year, yopanda GM. Imafuna makhadi wamba 52, pepala lalikulu ndi madayisi ochepa. Khadi lililonse ndi sabata imodzi ya chaka cha mudzi, limabwera ndi funso, wotola khadi amayankha n'kujambula pamapu. Chabwino chake pa nkhani ya Anabanda ija n'chakuti aliyense ali ndi nthawi yake ndipo malamulo saloleza kumudula kapena kukambirana mwachisawawa. Ngati sunakondwe ndi zomwe mnzako wachita, umatenga kachizindikiro n'kuika patsogolo pako, osayankhula. Zitsekerero za mabotolo zingagwire ntchito imeneyo. Tikamaliza, Kondwani atenge mapuwo akhale GM wake.

Kondwani: Ndavomera. Zindichepetsera ntchito, ndipo anthu adzasamala za mudzi womwe anajambula okha chitsime chake.

A Tembo: Ndibwera, ndipo makhadi ndibweretsa ine. Koma Kondwani, mapu akakhala m'manja mwako usadzandifunsenso chomwe chili m'phanga.

Anabanda: Loweruka likubwerali, kwathu, 14 koloko, kuti a ku Matero ndi ku Chelstone apeze minibasi kusanade. Pepala lalikulu ndili nalo. Woyamba kutola khadi akhale wamng'ono kwa onse, a Tembo ndi alamu Dalitso atole pomaliza.

Dalitso: Zili bwino alamu. Misozi, unditumizire kumbali chomwe munthu wako anawalakwira amalume akewo, ena asaone. Ndikufuna ndidziwe mmene nkhalambayo idzamulandirire.

Mabvuto: Ine ndijambula nawo mudzi, msika ndi dambo. Koma ndikupempha mbali ya kumpoto kwa mapu tiisiye yoyera, aliyense asalembepo. A Kondwani akadzaze okha kunyumba, ndipo asatiuze mpaka tidzafikeko.